Chitini Chimene Ndinakhoma Pansi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene mwezi wa Ramadhani unafika pamodzi ndi dzuwa la mu Okutobala. Tinkakhala ku Kawale, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri. Bambo anali telala pakhonde la sitolo ina ku Biwi, ndipo amayi ankagulitsa mpunga wochokera kwathu ku Nkhotakota pa benchi kumaso kwa nyumba. Sikelo analibe. Muyeso wawo unali chitini chakale cha majarini, chimene chinachoka utoto ndi kugwiridwagwiridwa.

Masiku amenewo ndimawakumbukira ngati maloto. Chinali chaka changa choyamba kusala kudya tsiku lonse ngati munthu wamkulu, ndipo ikamakwana thuu koloko masana mutu unkapepuka. Msewu unkachita ngati ukuyandama. Anthu ankatulukira m'fumbi pang'onopang'ono, mawu awo akumveka ngati akuchokera kutsidya kwa mtsinje. Amayi anali atangobereka mlongo wanga Yusufu, choncho ndikaweruka kusukulu benchi inali yanga. M'mawa ankadzaza beseni, ndipo ankadziwa ndalama zimene beseni limodzi limatulutsa. Ine ndinkangokhala pamthunzi wa mtengo wa mango, kuyeza, kulandira ndalama, ndi kulota.

Chimene ndinkalota chinali diresi. Linali lobiriwira, la timikanda tonyezimira pachifuwa, ndipo linkalendewera pa kaunjika wina pamsika. Mphepo ikaomba linkavina lokha. Ndikatseka maso ndinkadziona nditalivala pa tsiku la Idi, ndikuyenda kupita kumapemphero, atsikana onse a kumadrasa akucheuka. Bambo anali atanena kale kuti chaka chimenecho andisokera diresi la nsalu zotsala, chifukwa ndalama zinathera kuchipatala.

Tsiku lina amayi anandituma nyemba kumsika. Mayi wogulitsayo ankandidziwa. Atandiona ndikuyang'anitsitsa diresi lija anaseka, natembenuza kapu yake kuti ndione pansi pake. Panali potukukira mkati.

"Mwana iwe, malonda amafuna kuchenjera," anatero chonong'ona. "Wogula amayang'ana pamwamba, sayang'ana pansi."

Mawa lake ndinapita kuseri kwa bafa ndi chitini cha amayi ndi mwala wosalala. Ndinakhoma katatu basi. Kunja chitini chinkaoneka chomwecho, koma mkati munatuluka kaphiri kakang'ono. Kuyambira tsiku limenelo beseni linayamba kuchedwa kutha. Ndalama za amayi zinkakwana, ndipo zapamwambazo ndinkaziponya m'sokosi yakale imene ndinabisa m'chikwama cha mabuku. Ndinkayeza modzaza bwino, mpaka mpunga kutayikira m'mbali, ndipo ogula ankandiyamikira kuti ndili ndi dzanja labwino.

Khoma limodzi ndi ife kunkakhala banja lochokera ku Dedza. Bambo wa m'nyumbamo ankagwira ntchito ya fodya ku Kanengo, koma sizoni inali itatha, ndipo ankangoyendera maganyu. Mwana wawo woyamba, Esinati, anali mnzanga wapamtima. Iye ankapita kutchalitchi, ine kumzikiti, koma fulaye tinkasewera limodzi, ndipo m'mwezi wosalawo sankadya chilichonse pamaso panga ngakhale sindinamupemphe. Loweruka lililonse amayi ake ankamutuma zitini zitatu za mpunga woti adye mawa lake akabwera kutchalitchi. Unali mpunga wokhawo umene ankaulawa pa sabata.

Loweruka loyamba ndinazengereza pang'ono, koma ndinamuyezera ndi chitini chomwecho. Lachiwiri sindinazengereze n'komwe. Esinati anamanga jumbo yake, nandiuza nkhani ya mphunzitsi wina woseketsa, napita.

Sipanathe mphindi zambiri. Mawu a amayi ake anadutsa khoma.

"Iwe Esinati, zitini zitatu zimenezi? Mbale iyi imadzaza ndi zitini zitatu, lero yalekera apa. Sabata yatha chimodzimodzi. Ukumabwira mpunga wosaphika m'njira, eti?"

"Sindinabwire, amayi. Ndithu sindinabwire."

Kenako ndinamva kamtengo kakulira pamiyendo yake. Esinati sankakuwa akamamenyedwa, ankangobwereza mawu omwewo, kuti sindinabwire, sindinabwire. Ine ndinali pa benchi, chitini chili m'manja. Kukamwa kunali kouma kale ndi ludzu, koma apo kunauma mwa mtundu wina. Ndikanatha kuimirira. Panali masitepe khumi okha kuti ndifike pakhomo pawo. Sindinaimirire. Ndinatseka maso kuti ndione diresi lija, koma silinabwere.

Madzulo titamasula kusala, phala langa ndinalisiya m'mbale. Amayi anandiyang'ana. Nawonso anali atamva zonse ali m'nyumba akuyamwitsa. Atatha kupemphera anatuluka, natenga chitini pa benchi, nalowetsamo dzanja. Ndinaona chala chawo chikuyenda pansi pake, n'kuima.

"Asiyatu, bwera kuno."

Sanakweze mawu. Anandikhazika pamkeka pafupi nawo, mwana ali pamiyendo, nandifunsa kuti papita masiku angati. Ndinawauza. Anandifunsa kumene kuli ndalama, ndipo ndinabweretsa sokosi ija. Sanaigwire. Anangoti ndiiike pansi.

"Kumadrasa anakuphunzitsani chiyani za munthu wopungula muyeso?"

"Anati ndi haramu," ndinayankha, kutanthauza choletsedwa.

"Ukudziwa chifukwa chake?"

Ndinkadziwa mndandanda wonse umene Shehe ankatiloweza: katapila, juga, kuba, chinyengo pamalonda. Koma kwa ine anali mawu ongoyankhira pamayeso.

"Ndalama iliyonse ili ndi njira imene yadzera," anatero amayi. "Ina imabwera mwini wake atapereka ndi mtima woyera. Ina imabwera mwini wake asakudziwa. Yoteroyo ngakhale uitsekere m'sokosi, siili yako. Iwe ukusala chakudya cha m'nyumba mwanu, chimene Mulungu anakuloleza, koma ukudya cha m'nyumba ya eni. Kusala kwakoko n'kotani?"

Ndinalira, ndikuyembekeza kamtengo. Ndinkakafuna n'kukafuna, kuti zithe. Koma amayi sanandimenye.

M'mawa mwake anabereka Yusufu kumbuyo, nandisenzetsa beseni la mpunga, natenga kapu yatsopano ya pulasitiki. Tinayenda khomo ndi khomo kwa onse amene ndinkawakumbukira kuti anagula. Pakhomo lililonse amayi ankaodira, kenako n'kubwerera m'mbuyo kuti ndilankhule ndekha. Ena ankaseka n'kunena kuti zachibwana, tisavutike. Amayi ankakana. "Landirani, ndi wanu," ankatero. Agogo ena anandiyang'ana nthawi yaitali osaphethira, natambasula nsalu yawo. Mayi wina anatitsekera chitseko, ndipo sanadzagulenso kwa ife. Amene sitinawapeze, odutsa m'njira osadziwika, gawo lawo tinakapereka kwa mayi wina wakhungu amene ankakhala pafupi ndi mjigo. Amayi anandichenjeza kuti ndisayese kuti ndapereka sadaka. Munthu sapereka mphatso ya chinthu chimene si chake.

Kwa Esinati tinafika komaliza, atabwera kutchalitchi. Amayi ake anamvetsera atagwira pakamwa. Kenako anakhala pansi pakhonde.

"Aneba, ndiye kuti mwanayu ndamumenyera pachabe?"

Anamuitana Esinati, namukokera pamiyendo pawo ngakhale anali wamkulu kale, nayamba kusisita timizere takuda tija pa akatumba ake. Esinati sanalire. Anandiyang'ana ine.

"Unkamva?" anafunsa.

"Ndinkamva."

Esinati anadzuka. Analowa m'nyumba.

Pa Idi ndinavala diresi la nsalu zotsala, ndipo amayi anandituma mbale ya mpunga wa nyama kwa aneba monga mwa chaka chilichonse. Esinati ndi amene analandira. Anati zikomo mwaulemu, monga momwe amanenera kwa mlendo. Tinadzayambanso kusewera limodzi mvula itagwa, koma sanandiuzenso zinsinsi zake, ndipo chaka chotsatira anasamukira ku Area 23.

Lero ndine mayi, ndili ndi kagolosale kanga ku Chinsapo. Ana anga akabwera kumadrasa ndimawamva akuloweza mndandanda womwe uja, mwaphokoso, ngati nyimbo. Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti malamulo amenewa amanena za ndalama. Tsopano ndimaona kuti amanena za munthu amene ali kuseri kwa khoma, amene sukumuona pamene ukulandira phindulo. Mpunga tinabweza wonse, mwina mpaka kupitiriza. Koma pa zonse zimene ndinatenga m'masabata awiri amenewo, panali chimodzi chimene ngakhale amayi sakanatha kundithandiza kubweza: mtsikana ananena zoona masana aja, ndipo munthu yekhayo amene akanamuikira umboni anakhala chete.