Tsiku Limene Ndinayankhira Ethel

Ndikamva fungo la labala wakale wotenthedwa ndi dzuwa, maganizo anga amabwerera ku Mtiya, pakhonde la a Matewere, amene nyumba yawo inayandikana ndi yathu. Loweruka lililonse ankayanika pamenepo chigalasi chovala kumaso ndi nsapato zazitali zonga mapazi a bakha, ngakhale kuti panali patapita zaka zambiri chisiyire kuzigwiritsa ntchito. Pa unyamata wawo ankamira pansi pa madzi kudoko lina la ku Mozambique, atabereka thanki ya mpweya, n'kumakonza kunsi kwa sitima. Anabwerera ku Zomba ali ndi khutu limodzi logontha ndiponso khalidwe limene linkatopetsa anthu ambiri.

Sankachoka pakhomo mwachisawawa. Ngakhale popita kumsika ankayamba aona ngati m'chikwama muli machesi, chingwe ndi madzi akumwa, ndipo nthawi ya ulendo ankaigawa patatu monga ankachitira ndi mpweya wa m'thanki: gawo lopitira, gawo lobwerera, ndi lachitatu losakhudza, losungira vuto limene munthu sanaliganizire.

"Kodi a Matewere, kumsikako kuli ng'ona?" ankatero amayi anga.

"Sekani, mayi a Grace," ankayankha iwo akumanga chikwama. "Mpweya timauyesa tikadali pamtunda."

Mwezi wina wa Juni, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, amayi anatilola ine ndi mng'ono wanga Ethel kukatola nkhuni kuphiri, chifukwa a Matewere ankapita komweko kukafuna milimo ya mpanda. Ethel anali ndi mphumu. M'mawa umenewo, tikusesa pabwalo, ndinamva chifuwa chake chikulira ngati kamluzu, koma ndinadziwa kuti iye akatsala, inenso amayi anditsalitsa kuti ndimuyang'anire, ndipo mabulosi akuphiri ndinali nditawalakalaka sabata yonse.

Tisananyamuke, a Matewere anatiimika pageti monga mwa chizolowezi chawo, natifunsa mmodzimmodzi ngati tinali bwino m'thupi. Atafika pa Ethel, ine ndinalumphira.

"Ameneyu ali bwino, agogo. Tiyeni, dzuwa likukwera."

Iwo anatembenuzira khutu lawo labwino kwa ine, logonthalo n'kuloza kwa Ethel, ndipo kamluzu kaja sanakamve.

Tinakwera m'kanjira koterera ndi masamba a paini, utomoni ukununkhira, nkhwangwa za anthu ena zikumveka patali. Titangoyamba kumanga mitolo, chiperoni chinatsika mwadzidzidzi, mitengo n'kubisika mu nkhungu yozizira. Nditacheuka ndinaona Ethel atakhala pansi, mapewa akukwera ndi kutsika, milomo itatuwa, akulephera ngakhale kutchula dzina langa. Ndinamugwira mkono n'kuyamba kumukoka, ndikukuwa kuti tithamangire kuchipatala.

"Grace, ima!" Mawu a a Matewere sanali okalipa, koma miyendo yanga inamvera. "Puma kaye iweyo. Katatu. Ndikuwerenga."

"Agogo, afa!"

"Ukamuthamangitsa ndiye afadi. Pansi pa madzi mpweya ukachepa, mtima umakuuza kuti uthamangire pamwamba. Amene ankaumvera mtima umenewo tinkachita kuwanyamula."

Anamukhazika Ethel mowongoka atatsamira mtolo wa nkhuni, namufunditsa jekete lawo, nakulunga mpango wanga pamphuno pake kuti mphepo yozizira isamalowe mwachindunji. Kenako anagwada, natenga dzanja lake n'kuliika pachifuwa pawo.

"Mama, usayankhule. Ungondiyang'ana m'maso. Ine ndikatulutsa mpweya, iwenso utulutse, pang'onopang'ono ngati ukuuzira phala."

Sindidziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Ndimangokumbukira madontho akugwa kuchokera m'mitengo, ndi kupuma kwa anthu awiri kumene poyamba kunkasemphana, kenako n'kuyamba kuyendera limodzi. Mapewa a Ethel atatsikako, a Matewere anamubereka, namumanga ndi chitenje changa. Nkhuni ndi milimo tinazisiya pomwepo, osazicheukira n'komwe. Potsika ankaima kawirikawiri kuti amve kupuma kwake, ndipo nthawi iliyonse ankatembenuzira kwa iye khutu labwino lija. Tinafika kuchipatala kukadali kowala, Ethel analandira jekeseni, ndipo anagona kumeneko masiku awiri. Lero ndi gogo wa zidzukulu zitatu, amakhala ku Chirunga, ndipo amayankhula kuposa tonsefe.

Tsiku lotsatira ndinapita kwa a Matewere, ndinagwada, n'kuwauza kuti chifuwa chija ndinali nditachimva tisananyamuke. Ndinkayembekeza kuti akandinenera kwa amayi. Iwo anasisita khutu lawo.

"Walakwa, mwana wanga, koma ine ndalakwa koposa," anatero. "Ndinafunsa Ethel, ndipo ndinalandira yankho la Grace. Kuntchito kwathu munthu sankamuyankhira mnzake. Unkadikira mpaka akweze dzanja yekha kusonyeza kuti ali bwino."

Kwa amayi ndinakadziulula ndekha, ndipo zimene zinatsatira sizofunika kuzilemba pano.

Ndaphunzitsa kwa zaka zoposa makumi atatu, ndipo tsopano ndine mphunzitsi wamkulu. Ana anga akamapita pa ulendo wa sukulu, amadziwa kuti yankho la gulu loti "tili bwino, madamu" sindililandira. Ndimaima pakhomo la basi n'kufunsa mwana aliyense payekha, dalaivala akuliza hutala, aphunzitsi achinyamata akuyang'ana mawotchi awo. Chaka chatha mtsikana wina wa Sitandade 6 anangoweramitsa mutu nditamufunsa, mnzake n'kufulumira kunena kuti ndi wamanyazi chabe. Ndinamuuza mnzakeyo kuti akwere basi, ndipo ine ndinaima pomwepo kudikira mpaka mwini wake atayankhula.