Masaya Owala a Mwana Wanga

Mwana wanga woyamba anabadwa bambo ake ali ku Joni. Anachoka mimba isanayambe n'komwe kuoneka, ndipo mwana wawo anamudziwira pafoni. Ine ndinatsala kwathu, kumunsi kwa phiri la Michesi, m'kanyumba kamene anamanga kuseri kwa nyumba ya mayi anga monga amachitira mkamwini aliyense kuno.

Ndinene poyera kuti ndine munthu wankhawa. Mwana akayetsemula, ine ndaganiza kale za chibayo. Akagona nthawi yaitali ndimamugwedeza kuti ndione ngati akupuma, ndipo akadzuka n'kuyamba kulira ndimadandaula kuti sakugona mokwanira. Mayi anga ankati ndimera imvi mwanayo asanayambe kukwawa. Koma masiku amenewo nkhawa yanga yaikulu inali ya zithunzi. Bambo akewo ankapempha chithunzi pafupifupi tsiku lililonse, ndipo ine ndinkangoganiza za ana amene akuwaona kumeneko, onona, okankhidwa pa tingolo m'mashopu akuluakulu. Wanga anali ndi totupa ta thukuta m'khosi monse, nkhope yotuwa ndi fumbi la chilimwe. Kumbuyo kwake nakonso sikunkalephera kutulukira chinachake, kaya thandala la mbale, kaya mbuzi ya eni ake, kaya matewera pachingwe.

Ndili ndi satifiketi ya makompyuta ya ku koleji, imene mpaka lero ili musutikesi kudikira ntchito. Pa zonse zimene tinaphunzira, chimene chinandilowa mumtima ndi kukonza zithunzi. Nditapeza pulogalamu yochitira zimenezi pafoni, ndinakhala ngati ndapeza ntchito ija. Njira yake si yovuta. Umatenga chithunzi n'kupanga china chofanana nacho. Chachiwiricho umachifewetsa mpaka chizioneka ngati ukuyang'ana pagalasi lochita nthunzi, kenako umachiwalitsa n'kuchisanjika pamwamba pa choyamba chija. Ukatero umakoka chala pang'onopang'ono, kuchepetsa chapamwambacho, mpaka maso ndi milomo zitulukirenso. Pomaliza umathira kamtundu kofiirira ngati ka dzuwa la m'mawa. Totupa timasowa, fumbi limasowa, mbuzi ija imasanduka kamtambo. Chimatsala ndi mwana wonga angelo a pa kalendala ya kutchalitchi, wooneka ngati wina wachita kumujambula ndi penti.

Ndinkachita izi mwana akugona, nditakhala pakhonde, ndipo ndinkasangalala kwambiri. Mayi anga atayang'ana chimodzi anangoti mwanayo ndi wokongola, koma samudziwa kuti ndi wa ndani. Ndinawaseka kuti za foni zinawapita.

Chithunzi chimene chinabweretsa nkhani ndinachijambula mwana atangoyamba kukhala yekha. Anali pamphasa, akuseka, dzuwa likumuwomba chakumbali. Tsikulo chala changa chinapitirira. Masaya anatuluka aakulu, osalala, onyezimira. Tsitsi linafewa n'kufiirira m'mphepete ngati layatsidwa nyali kumbuyo. Timapazi natonso tinaoneka tonenepa, topanda khwinya ngakhale limodzi. Ndinatumiza mtima uli mbee. Bambo ake anayankha ndi timitima tambirimbiri, n'kutumizanso chithunzicho kwa mchemwali wawo, amene amakhala ndi apongozi anga cha ku Chilwa.

M'mawa mwake foni inalira ndikuchapa. Anali amuna anga, koma mawu awo sanali a masiku onse. Anafunsa ngati mwana ali bwino, ndinati ali bwino. Anafunsanso. Kenako anati amayi awo awaimbira, awapanikiza kuti anene zoona ngati ali ndi mkazi wina ku Joniko. Iwo analumbira kuti alibe, n'kuwakumbutsanso kuti mwanayo sanamugwirepo ndi manja chibadwire.

"Ndiye amayi anati chiyani?" ndinafunsa.

"Anati ngati si ine, abwera kumeneko adzadzionere okha."

Ndinakhala pansi manja ali thovu lokhalokha. Kwathu kuno mwana akatupa masaya ndi mapazi, khungu n'kumanyezimira, tsitsi n'kufiira, akuluakulu amati ndi tsempho, kutanthauza kuti mmodzi mwa makolo ake wayenda njira ina mwana akadali wakhanda. Kusikelo amatiphunzitsa kuti zizindikiro zimenezi ndi za kuperewera kwa zakudya m'thupi. Koma kwa ine zonse zinali zowawa. Kaya ndikumumana mwana chakudya, kaya ndikulowetsa mwamuna wina m'nyumba imene mwana wawo anamanga. Ndipo ndinkadziwa kuti apongozi akuganiza chachiwiricho. Mbiri yotere ikangotuluka pamudzi sibwerera, ngakhale mwanayo adzakule mpaka kumera ndevu.

Ndinawafotokozera amuna anga za pulogalamu ija. Anaseka kaseko kochepa, n'kunena kuti iwo ankayesa kuti foni imene ananditumizira ili ndi kamera yamphamvu. Ndinajambula mwana pompo, mamina ali pamphuno, n'kutumiza kwa alamu anga aja. Anayankha kuti ndachedwa, amayi akwera kale kabaza.

Mayi anga nditawauza anayamba ndi kuseka mpaka kutsamira chipupa. Atamaliza nkhope inasintha, anati mwana wawo sangatchulidwe zimenezo iwo ali moyo, apongoziwo abwere aone. Anatenga tsache n'kuyamba kusesa pabwalo mwaukali. Ine ndinathamanga kukateleka madzi kuti mwana asambe, ndinatulutsanso botolo la mafuta odzola. Mayi anandilanda botololo.

"Ukamudzoza awala. Ukufuna ukadzitsimikizire wekha mlandu? Msiye atuwe choncho."

Ndinamusiya. Sindinaonepo mwana wanga ali wakuda ndi dothi ngati tsiku limenelo, ndipo sindinasangalalepo ndi dothi ngati tsiku limenelo.

Apongozi anafika dzuwa lili pamutu. Ndi mayi wamfupi, wolimba, mlimi wa mpunga amene amakanganira mtengo ndi mavenda mpaka mavendawo kutopa. Pakaliyala ya njinga anamangirira kathumba ka mpunga ndi jumbo ya matemba. M'manja ananyamula timitolo tiwiri. Kena kanali ufa wa soya wosakaniza ndi nsinjiro, ndinaudziwa ndi fungo. Kachiwiri kanali kokulunga m'kansalu, mizu ikusuzumira m'mbali. Anabwera atakonzekera mbali zonse ziwiri, yakusikelo ndi yamakolo.

Analonjerana ndi mayi anga m'Chilomwe kwa nthawi yaitali, za mvula, za nandolo, za maliro a uko ndi uko. Ine Chilomwe ndimamva theka, ndiye ndinangogwada chapatali. Moni wanga anayankha osandiyang'ana. Popereka matemba aja anadutsitsa dzanja pamaso panga n'kupatsa mayi anga, n'kunena kuti aphike iwowo, mtsikanayu apume. Ndinamva tanthauzo lake. Mkazi amene akuganiziridwa zimenezi saloledwa kuthira mchere m'ndiwo, amati adwalitsa odya. Maso anga anadzaza misozi koma ndinaimeza.

Kenako apongozi anati ndibweretsereni amuna anga, poti mdzukulu wamwamuna amamutchula choncho. Ndinamupereka. Anamuika pamiyendo, n'kumutembenuza uku ndi uku ngati akusankha dzungu pamsika. Anagwira phazi, n'kudina pamwamba pake ndi chala chachikulu, n'kuchotsa, kuyang'ana ngati patsale kadzenje. Sipanatsale kanthu. Anadinanso phazi linalo. Anakoka tsitsi pang'ono, lakuda bii, lolimba, mwana n'kukwiya n'kuwagwira duku. Anamutukula chibwano n'kupeza totupa tija tili mbwee.

"Uyu ndi wina," anatero. "Wa pafoni uja mwamubisa kuti?"

Mayi anga anaseka, koma apongozi sanaseke. Ndinaona kuti kufotokoza ndi pakamwa sikuthandiza. Ndinasendera pafupi, n'kujambula mwanayo ali pamiyendo pawo pomwepo, n'kuwaonetsa. Anavomera kuti ameneyo ndi yemweyu. Ndiye ndinayamba ntchito yanga iwo akuona. Ndinafewetsa, totupa tinasowa. Ndinawalitsa, masaya anayamba kufufuma. Nditathira kamtundu kofiirira kaja, tsitsi linasintha, ndipo apongozi anagwira pakamwa. Anayang'ana mwana wapafoni, n'kuyang'ana wapamiyendo amene anali kalikiliki kutafuna ngodya ya chitenje chawo. Anandiuza kuti ndibweze. Ndinakoka chala chakumanzere, mwana anachira. Anati ndipititsenso. Anadwalanso. Tinachita zimenezi kangapo, mpaka anapempha kuti ayese okha, koma chala chawo chokakala ndi ntchito ya kudimba foni inkachikana.

"Ndiye kuti unamudwalitsa wekha ndi chala," anatero. "Ine osagona, kukadzutsa anthu kuti andikumbire mizu. Kusukulu kuja anakuphunzitsani zimenezi?"

Ndinati eya, anatiphunzitsa kuti chithunzi chizikongola. Anafunsa kuti kodi amuna awowa anali oipa pati. Ndinangoti ndinkaopa kuti bambo ake akaona totupa ndi fumbi aziti sindikusamala mwana. Apongozi anati bambo akewo anakula ndi zipere mutu wonse, asandiopseze.

Kupepesa sanapepese, ndipo sindinkayembekezera kuti atero. Ndinangoona kamtolo ka mizu kaja akukakankhira pansi pa chikwama chawo mwakachetechete, ka soya n'kundipatsa m'manja. Mayi anga anali atayamba kale kusadzula matemba kukhitchini. Apongozi anawaitana kuti abwere adzacheze, asadzivute ndi utsi pamene pali mtsikana. Kenako anatembenukira kwa ine, koyamba tsiku limenelo kundiyang'ana m'maso.

"Pita ukaphike, mwana wanga. Mchere uthire wekha, ine ndimakonda womveka."

Ndinapita kukhitchini. Ndinalira pang'ono, n'kunamizira utsi ngakhale panalibe wondifunsa. Mchere ndinathira ndipo ndikukhulupirira kuti unapitirira, poti mayi anga ankamwa madzi pafupipafupi. Apongozi anadya mpaka kupukuta mbale.

Asananyamuke anakonza duku, n'kukhala bwino pampando, n'kundiuza kuti nawonso ndiwajambule ndi kuwapaka zangazo, akaonetse anzawo a kumpunga. Anati makwinya a pamphumi ndichotse onse, koma masaya ndisawakhudze, anthu angayambe kufunsa mafunso pa nkhalamba. Chithunzicho chinatuluka bwino kuposa zonse zimene ndinakonzapo. Kumbuyo kwawo Michesi anangoti zii ngati utsi wobiriwira, iwo ali pakati, akuoneka ngati mkazi wa abusa. Anachiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti umu ndi mmene analili asanakwatiwe.

Madzulo amuna anga anaimba kufunsa mmene zathera. Ndinawauza kuti amayi adya ndiwo zanga. Anapumira m'mwamba, ndipo ndinamva kuti nawonso tsikulo silinawayendere bwino kuntchito.

Kukonza zithunzi sindinasiye. Ndimakonza za maluwa a nandolo, za phiri mvula ikamabwera, za azimayi a kwaya amene tsopano amabwera okha kudzapempha. Za mwana ndimatumiza mmene zilili, mamina, mbuzi, matewera ndi zonse. Nthawi zina chala chimandiyabwa ndikaona kachiphuphu pamphuno pake, ndipo ndimakafufuta ndithu, kamodzi kokha. Ndikatero ndimayang'anitsitsa masaya ndi mapazi ndisanatumize.