Mankhwala a Pikapu ya a Sungani

Amakaniki oyandikana nafe pa Mwanza safulumira kugwira sipanala. Galimoto ikawapeza, amayamba aimvetsera, atapendeketsa mutu ngati nkhuku yoona kabawi. Mawu awo ndi omwewo tsiku lililonse: "Injini imafuna mafuta, moto ndi mpweya. Zina zonsezo ndi miseche."

Tsiku lina a Sungani a ku Kanduku anadzawatenga pa njinga yamoto. Pikapu yawo, imene imagona pafupi ndi nkhokwe, inali itadzaza manachesi opita ku Blantyre, koma akapotokola kiyi inkangoti tchetchetche osalira. Dzuwa linali likuwotcha manachesiwo, ndipo achibale anali atayamba kale kutchula mayina a anthu ansanje.

Amakaniki ananunkhiza n'kunena kuti petulo akufika. Anayesa pulagi, moto unalipo. Atatsegula bokosi la fyuluta ya mpweya, analipeza lodzaza thothotho ndi mtedza umene makoswe anatutiramo. Anaukhuthulira m'chipewa chawo, galimoto n'kulira nthawi yomweyo.

"Ndiye tikagule chiyani kuti zisadzachitikenso, bambo?" anafunsa a Sungani.

Amakaniki anaswa mtedza umodzi, n'kutafuna mosafulumira.

"Mukagule mphaka."