Botolo Limene Linapita Kuchipatala

Tsiku loika achimwene ndinadzuka tambala asanalire, mwera ukuwomba. Amuna amene anachezera pasiwa anali akuwotha moto, amayi akutsuka miphika.

Ndinayamba kudandaula za matenda awo nthawi yokolola mpunga, miyendo itatupa, mkodzo ukutuluka pang'ono. Wothandiza dokotala anawiritsa mkodzowo pa kanyali, n'kuuyang'ana padzuwa, n'kunena kuti impso zili bwino, wavuta ndi ukalamba. Kapepala kake ndili nako, pamodzi ndi mayankho onse a ku Boma pa mlandu umene ndinamusumira.

Dzuwa litatuluka a ku Mwadzama anafika wapansi. A ku Ngala anachedwa, mabwato atalephera mafunde. Bokosi linachepa m'mbali chifukwa cha kutupa kuja, kalipentala n'kuliphwasulanso. Ndinaonetsetsa kuti anthu aone kutupako, pakuti wothandiza dokotala uja anali m'gulumo, chipewa chili m'manja, ndipo ndinali nditakonza zomunena kumanda pamaso pa onse.

Amasiye, alamu anga, atamva zimenezi anandiitanitsa kuseri kwa nkhokwe.

"Alamu, musamunyoze mwana wa eni ake. Mkodzo uja unali wanga."

Anati malemuwo anakana kuti mkodzo wa munthu wamkulu uyende pamsewu m'botolo, poopa afiti. Alamuwo anaona kuti popeza onse awiri ankamwa pa chitsime chimodzi zaka zonsezi, panalibe kusiyana. Nditafunsa chifukwa chimene sananenere, anati palibe anawafunsa.

Ansembe anapemphera, tinanyamula bokosi, nyimbo ikutengedwa ndi mphepo. Kumanda ndinangothokoza anthu. Panjira pobwerera maganizo anga anali pa kanyali kaja. Ukanakhala mkodzo wa achimwene, kodi ukanaoneka bwanji? Nanga impso za nkhalamba zikayamba kufooka, kanyaliko kamadziwa kusiyanitsa ukalamba ndi matenda?

Madzulo anthu anabalalika, nyumba inangoti zii. Nditavula nsapato ndinapeza zingwe zitasiya mizere yakuya pa mapazi anga. Ndinadina chala pa kakolo, dzenje n'kutsala.

Choncho, Bwana Dokotala wa ku Boma, mlandu wa wothandiza wanu ndauchotsa. Koma mafunso awiriwa ndikupempha mwaulemu kuti ayankhidwe, ndipo ayankhidwe polemba. Botolo la mkodzo wanga ndidzabwera nalo ndekha, ndipo ndidzaima pomwepo pamene mukuwiritsa.