Ngwazi Yakalamba

Mkombero umene ankaponyamo mpira unali limu ya njinga. Anaichotsa masipoko, n'kuikhomera pa thabwa la bwato lakale, thabwalo n'kulipachika pa mtengo wa bulugama kumapeto kwa bwalo la sukulu yathu ku Lungwena. Kunsi kwake kunkalendewera chidutswa cha ukonde chimene chinkanunkhabe usipa dzuwa likatentha. Mkomberowo unapendekera pang'ono kumanzere, ndipo amene ankaudziwa ankaponya moganizira kupendekerako. Mpira ukalowa bwino osakhudza chitsulo, ukonde unkangoti fwaa, ndipo anthu ankadziwa osayang'ana kuti waponya ndi amalume.

Masewerawo anabwera ndi aphunzitsi athu a Sitandade 5, amene anawaphunzira ku koleji. Dzina lake ankati basiketibolo, koma ife tinkangoti basiketi. Poyamba abambo a m'mudzi ankaseka, amvekere ndi ntchemberembaye ya amuna, mpira wa atsikana umene anyamata aulanda. Kuseka kunatha chaka chimene amalume, mchimwene wawo wa amayi, anabwerera kumudzi kuchokera ku Blantyre. Kumeneko anasewera zaka zambiri mu timu ya kampani imene ankagwirako ntchito, mpaka bondo lakumanja linawakana. Anabwera ndi sutikesi imodzi, nsapato zoyera za chinsalu, ndi kayendedwe ka munthu amene anaomberedwapo m'manja ndi anthu ambiri.

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi m'nyengo imene ndikunenayi. Inali nyengo ya mwera, mphepo ija yochokera kummwera imene imatsekera asodzi kumtunda. Mabwato ankakhala chafufumimba pamchenga, chimanga chinali kale m'nkhokwe, ndipo amuna analibe chochita koma kusoka maukonde ndi kukangana. Fumbi linkalowa m'mano. Milomo yathu inkang'ambika, amayi n'kumatipaka mafuta ophikira.

Mkangano wake unali umodzi, tsiku ndi tsiku: wamkulu ndani pa bwalo lija, amalume kapena Kakowa?

Kakowa anali mnyamata wa ku Katuli amene anabwera kudzakhala kwa abale ake kuti abwereze Sitandade 8. Dzinalo anam'patsa chifukwa cha miyendo yake yaitali ngati ya mbalame ija ya m'madambo. Anali ndi zaka mwina khumi ndi zisanu ndi ziwiri, wamanyazi, wolankhula Chichewa chokoka cha Chiyao. Akalumpha, dzanja lake linkadutsa mkombero. Aphunzitsi anali atalembera kale kalata anzawo a ku Blantyre kuti kuno kuli mwana woti akamuone.

Bwalo la mkanganowo linali khonde la atelala, pafupi ndi pamene bambo wina ankakonzera njinga. Atelala anali Msilamu wa ndevu zoyera, ndipo anali a Kakowa ndi mtima wonse. Okonza njinga ankapemphera nafe ku Angilikani, ndipo ankati munthu wonyoza amalume sadziwa mpira. Ine ndinkatumidwa kukagula palafini kapena mchere, n'kuchedwa pamenepo mpaka amayi kundiitana ndi dzina langa lonse.

"Tsobola wakale sawawa," atelala ankatero, mapazi ali pa makina. "Walahi, mwana uja akadzafika ku Blantyre, dzina la mnzanuyo lidzaiwalika."

"Kutalika si luso," ankayankha okonza njinga. "Mgwalangwa nawo ndi wautali, unagoletsapo kangati?"

Ndiye ankayamba kuwerengera. Okonza njinga ankakumbutsa za mmene amalume ankaperekera mpira kwa mnzawo osamuyang'ana, maso ali kwina, wotchinga n'kutsala atagwira mphepo. Ankanena za tsiku lina ku Blantyre, limene iwo sanalione koma ankalifotokoza ngati analipo, pamene amalume anagoletsa ali pakati pa bwalo wezulo yomaliza ili pakamwa pa woimbira. Atelala ankati zimenezo n'zakumva, pamene Kakowa timamuona ndi maso. Wina ankati munthu timamuyeza ndi zaka zimene wakhala pamwamba, osati ndi nyengo imodzi ya mwera. Wina ankati ayi, timamuyeza ndi zimene angachite lero. Lero ana anga amakangana chimodzimodzi za osewera a kunja amene amawaonera pa foni, ndipo mawu ake ndi omwewo, angosintha maina. Ndimawamvera, koma sindilowererapo.

Amalume sankafika pa khondepo. Atamva za kalata ya aphunzitsi anangoti, "Mwanayo alibe dzanja lamanzere. Mukam'tumiza chaka chino, akam'bweza." Anthu anati ndi nsanje. Ine tsopano ndikudziwa kuti ankanena zoona, popeza madzulo ena ndinkawaona atam'manga Kakowa dzanja lamanja kumbuyo ndi lamba, akumunjanjitsa mpira ndi lamanzere mpaka thukuta kuti noninoni. Munthu wansanje sachita zimenezo. Koma pa nthawiyo ndinasankha kukhulupirira za nsanje, chifukwa ndinali nacho chifukwa changa.

Ndinkafuna kusewera. Tsiku lina ndinatola mpira utagubudukira kunja kwa mzere, ndipo m'malo moubweza ndinauponya ku mkombero. Unagunda thabwa. Amalume anaulanda m'manja mwanga pamaso pa anthu, amvekere, "Atsikana muli ndi mpira wanu, pita ukathandize amayi ako." Anthu anaseka. Mawa lake Kakowa anandipeza ndikusesa m'kalasi, n'kundionetsa mwakachetechete mmene amaikira zala pa mpira. Kuyambira pamenepo ndinakhala wa Kakowa, ndipo amalume ndinawasungira chakukhosi chimene mwana yekha amatha kusunga.

Ntchito ya atsikana pa masewera inali kuimba. Tinkaima kumbali kwa bwalo, kuomba m'manja ndi kuimba nyimbo zokweza timu yathu ndi zonyoza inayo. Ine ndinali ndi mphatso yopeka, ndipo ndinkadziwa kuti ndili nayo, chimene chili choopsa kwa mwana.

Sabata lomwe amalume anandilanda mpiralo, pa phunziro la Chichewa, aphunzitsi anatiuza tanthauzo la mawu akuti ngwazi. Mawuwo tinkawaimba m'mawa uliwonse tili pa mzere, popeza linali dzina laulemu la mtsogoleri wa dziko, amene chithunzi chake chinali pamwamba pa bolodi. Aphunzitsi anati mawuwo ndi akale kuposa tonsefe, ndipo amatanthauza munthu wopambana anzake, monga mlenje amene wapha chilombo chovutitsa mudzi. Ndinakondwa ngati ndatola ndalama panjira. Ndinaona kuti ndapeza mawu amene angawakweze amalume ndi kuwagwetsa nthawi imodzi. Za munthu wa pa chithunzi sindinaziganize n'komwe. Nkhope ija inali chimodzimodzi kuyambira ndili Sitandade 1, yopanda imvi, ndipo sindinkadziwa kuti nayonso ingakalambe, kapena kuti kutchula ukalamba wake unali mlandu woti munthu n'kusowa nawo.

Loweruka kunali masewera a abambo a m'mudzi ndi anyamata a sukulu, amalume mbali ino, Kakowa mbali iyo. Kunabwera anthu a pa njinga ochokera kutali, ena mpaka ku Namwera. Chigawo choyamba amalume anasewera ngati bondo lawakhululukira, ndipo okonza njinga ankavina okha. Chigawo chachiwiri mpweya unawathera. Kakowa anawadutsa kawiri, kachitatu n'kuwadutsira kumanzere, ndi dzanja lomwe lija anam'phunzitsa okha. Amalume anatembenuka mochedwa, bondo linapinda, n'kugwada m'fumbi. Pamenepo ndinayambitsa nyimbo yanga:

Ngwazi yakalamba, ee,
miyendo yatha,
isiyire ana bwalo.

Anzanga anailandira msanga, chifukwa inali yokoma, ndipo izi ndikunenabe mpaka lero ngakhale zimandiwawa. Tinaimba katatu kapena kanayi. Ndinaona kuti akuluakulu sakuseka. Atelala, amene ndinkayesa kuti akondwa kuposa onse, anadzuka n'kumapita osatsanzika. Aphunzitsi anaimba wezulo nthawi isanakwane. Ine ndinayesa kuti akuwamvera chisoni amalume, ndipo ndinanyadira kuti nyimbo yanga yaluma.

Lamulungu tiana tinkaiimba kale kumadzi potsuka mbale. Ng'oma yolira sichedwa kung'ambika.

Lolemba m'mawa tili pa mzere, kunafika atcheyamani a chipani a dera lathu, ndi anyamata anayi a malaya ofiira, amene masiku onse ankaima pa msika kufunsa makhadi a chipani. Kumsewu kunaima Landirova yochokera ku boma, injini osazimitsa. Anatipatula atsikana a Sitandade 5 ndi 6, n'kutiimika pa bwalo la basiketi, dzuwa lili kumaso. Makolo anayamba kusonkhana chapatali, amayi ali pakati pawo, manja ali ndi mamba a nsomba. Atcheyamani anafunsa mofatsa kuti anayambitsa nyimbo ndani, ndipo anamutuma ndani. Anati akapanda kudziwika, atenga aphunzitsi ndi makolo a ana onse amene anaimba.

Mitu ya anzanga inayamba kutembenukira kwa ine. Mantha ndinali nawo, koma anali mantha a chikwapu, ngati a mwana amene waswa mtsuko. Pansi pa manthawo panali kanthu kena: ndinkafuna adziwe kuti wopeka ndine. Amayi anasendera mpaka anaima kumbuyo kwanga.

Amalume anatulukira kuchokera kunyanja, akutsimphina, chingwe chosokera ukonde chikadali m'manja. Sanathamange. Anaima patsogolo pathu, msana wawo n'kunditchinga dzuwa.

"Anawa asiyeni, bwana," anatero. "Nyimbo ija ndinapeka ndine. Ndinawaphunzitsa ndine. Ndimadziseka ndekha za bondo langali."

"Ndiye ngwaziyo ndinu?" atcheyamani anafunsa. "Dziko lino lili ndi ngwazi zingati?"

Funsolo linalibe yankho loti munthu n'kutuluka nalo, ndipo amalume ankadziwa zimenezo asanachoke kunyanja. Ine ndinapsa mtima. Munthu amene anandilanda mpira pamaso pa anthu, lero akundilandanso nyimbo! Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti akunama, koma dzanja la amayi linafika msanga. Anandigwira pakamwa mwamphamvu mpaka mlomo wong'ambika uja unatuluka magazi, ndipo ndinalawa mchere ndi fungo la nsomba. Dzanjalo silinasunthe.

Asanapite nawo ku Landirova ija, amalume anapereka chingwe chija kwa okonza njinga. Podutsa pafupi ndi amayi anangoti, "Achemwali, ukonde uja wina aumalize." Kakowa anali ataima pakati pa anyamata a sukulu, akulira osabisa, ndipo amalume anamulozera dzanja lake lamanzere, kumukumbutsa kuti asalisiye. Ine sanandiyang'ane. Zaka zambiri ndinkayesa kuti anali atandikwiyira. Ndinachita kukula kuti ndizindikire kuti akanandiyang'ana, atcheyamani akanayang'ananso komweko.

Mkangano wa pa khonde unathera pomwepo. Atelala ankasoka chete, okonza njinga ankamata machubu chete, ndipo dzina la amalume linkatchulidwa m'nyumba mokha, chitseko chili chotseka. Aphunzitsi anasamutsidwa temu isanathe. Kakowa anapita ku Blantyre chaka chotsatira ndipo sanam'bweze. Anasewera zaka zingapo, n'kudzakhala dalaivala wa malole. Zinthu zitasintha m'dziko, anthu anayambanso kukangana za awiriwa, ndipo ndinamva kuti Kakowa mwini ankakana kuyerekezedwa, amvekere iye anangolumpha, mpira ankaudziwa ndi mkulu uja. Ochepa amene anaona masewerawo akalipo, ndipo amati amalume anali wosewera wamkulu amene anadziwononga yekha ndi pakamwa. Sindinawatsutsepo. Ndimati mawa ndinena, ndipo tsopano ndili ndi imvi.

Amalume sanabwerenso. Patapita zaka zitatu kunabwera uthenga wapakamwa, kudzera mwa munthu amene anatulutsidwa, woti anamwalira ndi chifuwa m'ndende, ndipo sitinauzidwe kumene anaikidwa.

Koma m'masabata oyamba aja ine sindinkadziwa kuti munthu angakwere galimoto masana, anthu onse akuona, n'kusowa mpaka kalekale. Ndinkayesa kuti akawakalipira ku boma, mwina kuwalimitsa msewu masiku angapo. Tsiku lomwe anatengedwalo, amayi akundipukuta mlomo ndi nsonga ya chitenje, ndinawauza kuti amalume ndi abodza, kuimba komwe sadziwa. Amayi sanandimenye. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundiuza kuti mawu amenewo ndisadzawanenenso kwa munthu aliyense, ngakhale kwa wansembe. Ndinavomera ndi mutu wokha. Ndikaweruka kusukulu ndinkakakhala m'mbali mwa msewu wa ku boma, kuyang'ana fumbi la galimoto iliyonse, mtima uli m'mwamba. Ndinkawadikira ndi mkwiyo, kuti akangotsika ndiwakokere pa khonde la atelala, akavomere pamaso pa anthu onse kuti nyimbo ija inali yanga.