Maina Amene Kompyuta Inataya ku Moatize

Inu ofuna mawu olimbikitsa, imvani za Sidónio, koma musayembekezere kuti zonse n'zokoma.

Tsiku limene anachotsedwa ntchito, mu 2012, anabwerera kwawo ku Zóbuè atanyamula kompyuta yakale basi. Anali wolemba mapulogalamu pa kampani ina yaing'ono ya m'dera la 25 de Setembro, ku Moatize, imene inkalembetsa anthu ofuna ntchito ku migodi ya malasha.

Mlandu wake unali uwu. Chida cha pa kompyuta chimene ankamangira pulogalamu yolembetsera anthuyo chinatuluka chatsopano, ndipo iye, pofuna kutamandidwa, anachilowetsa mothamanga. Anachiyesa ndi dzina limodzi lokha, la bwana wake wobadwira ku Tete, n'kuona kuti zayenda. Sanadziwe kuti chida chatsopanocho chinkakana malo obadwira amene sanali pa mndandanda wa maboma a Mozambique. Aliyense wobadwira ku Malawi, kumene makolo anathawira nkhondo, dzina lake linkatayika mwakachetechete, chikalata chotsimikizira kuti walembedwa chikutuluka bwinobwino.

Maina oposa mazana awiri anatayika motero. Limodzi linali la mlongo wake wamkulu, Dionísia, amene anaphunzira kuyendetsa magalimoto akuluakulu a mumgodi. Anadikira kuitanidwa mpaka malo onse anadzaza.

“Mana Dionísia, ndikhululukireni,” anatero Sidónio kwa mlongo wakeyo atafika.

“Iwe unabadwira kuti?”

“Ku Mwanza, monga inu.”

“Ndiye unalephera kuyesa ndi dzina lako lomwe? Kapena umachita nako manyazi kumene unabadwira?”

Sidónio anangowerama. Ku ntchito ankauza anzake kuti ndi mwana wa mumzinda wa Tete.

Kwa zaka ziwiri ankadzazira madalaivala zikalata pa chipata cha malire. Masana, magalimoto akachepa, ankakwera kaphiri kumene foni imagwira bwino, n'kumawerenga mkati mwa chida chija mzere ndi mzere. Anapeza pamene panali vuto. Analemba chokonzera chake, choti pulogalamu ikakana munthu izinena poyera, ndipo anawonjezera zoyesera za anthu enieni a kuno: obadwira kunja, osadziwa tsiku lobadwa, a dzina limodzi.

Anatumiza ntchito imeneyi kwa osamalira chidacho, koma anamubwezera katatu kuti aikonzenso. Kachinayi anailandira, ndipo inalowa m'chida chotsatira. Kalata yawo yomuyamikira ndiyo inamupezera ntchito ina ku Tete, kumene lero akutsogolera anthu asanu ndi anayi.

Atakhazikika, anamupezera mlongo wake malo oyendetsa galimoto, n'kupita ku Zóbuè kukamuuza. Anamupeza m'munda wa mbatatesi, mwana wachinayi ali kumbuyo.

“Mana, malo apezeka. Muyambe Lolemba.”

Dionísia anaseka pang'ono, osasiya kulima.

“Akulu a makompyuta! Chiphaso changa chinatha kalekale, maso nawo ayamba chifunga. Makina wakonza, wachita bwino, ena adzalembedwa. Zanga zinapita. Tenga khasu ilo, mzerewu ndi wautali.”

Sidónio anavula nsapato zake za ku ofesi, n'kulima pambali pake mpaka dzuwa kupendeka.

Ndinaphunzitsa zaka makumi atatu, ndipo sindinamiza ana. Mukagwa, dzukani, musataye mtima, Sidónio anadzuka. Koma yesani ntchito yanu isanafike pa anthu, pakuti inu mudzakwera ndithu, pamene amene munawagwetsa angatsale pomwepo.