Foni Imene Ndinaimba ku Wailesi

Chaka chimene madzi a mu Shire anakokolola dimba lathu, ndinali telala pa kamsika kena kwa Ndamera. Chimanga cha thandizo chinabwera ndithu, koma olemba maina ankayamba afunsa ngati munthu anapita ku msonkhano wa chipani cholamula. Ine sindinapiteko chifukwa ndinali ndi mayunifolomu a ana asukulu oti ndimalize. Dzina langa linasowa m'kaundula.

Pa wailesi ya m'dera lathu panali pulogalamu ya masana imene anthu ankaimba foni kunena zakukhosi. Ndinaimba. Sindinatukwane munthu, ndinangofunsa ngati njala imasankha chipani. Dzina sindinatchule, koma muulutsi atandifunsa komwe ndinali, ndinatchula msika wathu. Matelala pamsikapo tinalipo awiri okha, ndipo makina a mnzanga ankamveka kulira kumbuyo kwanga.

Patapita masiku awiri, galimoto yopanda nambala inaima pafupi ndi khonde lomwe ndinkasokerapo. Munatsika amuna atatu. Mmodzi ndinkamudziwa bwino, tinkaimba limodzi kwaya kutchalitchi, koma tsikulo ankangoyang'ana pansi. Wamkulu wawo anakhala pabenchi ya makasitomala, chikwanje atachigoneka pamwendo.

"Atelala, mawu anu amamveka bwino pa wailesi," anatero.

Ndinafuna kukana, koma ndinangopitiriza kusoka. Iye anayamba kundifunsa mafunso.

"Mayi anu anabadwira kuti? Si kutsidya, ku Mozambique? Nanga inu chiphaso cha unzika munachipeza bwanji? Zotere zimafufuzidwatu. Munthu amatha kugona ali Mmalawi n'kudzuka ali mlendo."

Tsidya la msewu kunali wapolisi amene ankagula mlamba wouma. Tinapenyana. Anakulunga nsomba zake m'pepala n'kulowera kwina. Amuna aja sanandikhudze. Wamkuluyo anangogwira nsalu imene ndinkasoka, n'kuyamikira kuti msoko wake ndi woongoka, kenako ananyamuka.

Nditafika kunyumba ndinapeza mayi akupeta mapira. Iwo anathawa nkhondo kwawo ine ndili m'mimba, ndipo za nthawi imeneyo sankakonda kukamba. Nditawafotokozera, anaika lichero pansi n'kuyankhula m'Chisena, chimene ankachisungira nkhani zolemera.

"Mwananga, kwathu sizinayambe ndi mfuti. Zinayamba ndi kufunsana kuti unali kuti tsiku la msonkhano."

Masabata otsatira ndinkadzidzimuka galimoto iliyonse ikachepetsa liwiro. Aphunzitsi amene ankandipatsa ntchito anayamba kupita kwa mnzanga. Mmodzi anandinong'oneza kuti akuopa kusamutsidwa akaoneka pakhonde langa. Pulogalamu ya pa wailesi inatha popanda chilengezo, m'malo mwake ankangoika nyimbo.

Msonkhano wina wa chipani utaitanitsidwa ndinapita. Ndinaima padzuwa loswa mtengo, nsalu ya chipani ili paphewa, ndikuwomba m'manja pomwe ena ankawomba. Ndinaonetsetsa kuti olemba maina andiona. Manyazi ndinali nawo, koma mantha anali aakulu kuposa manyaziwo.

Tsiku lovota kunamveka mphekesera zoti a chipani cholamula ali ndi njira yodziwira pomwe aliyense wachonga. Ndinkadziwa kuti n'zabodza, komabe nditalowa m'kachipinda kovotera ndinayang'ana kudenga, kenako kumbuyo. Ndinaphimba pepala ndi dzanja ngati mwana wasukulu pa mayeso. Amene ndinamuchonga sindinauzepo munthu mpaka lero, ngakhale mkazi wanga.